Bypass kapena sleeve: wodwala shuga asankhe iti?

Munthu wonenepa kwambiri amene alibe shuga akamaganiza za opaleshoni yochepetsa thupi, maso ake amakhala pa sikelo: nditsika makilogalamu angati? Ife a shuga timafunsa zina. Kodi ndidzasiya kudzibaya insulini? Impso ndi maso zidzapumako? Nanga shugayo akatsika, sadzandibwereranso pakapita zaka? N'chifukwa chake malangizo amene amawakwanira anzathu aja ife satikwanira.

Zonse ndikambe pano n'za shuga wa mtundu wachiwiri. Amene ali ndi wa mtundu woyamba akhoza kuchitidwa opaleshoni kuti thupi litsike, ndipo mlingo wa insulini ungachepe, koma kusiya kubaya sangasiye, chifukwa kapamba wake satulutsanso insulini. Ngati simukudziwa bwino mtundu wanu, pali kuyeza magazi kotchedwa C-peptide komwe kumaonetsa mphamvu imene kapamba watsala nayo. Za amene ali woyenera opaleshoni, mabungwe awiri a madokotala a ntchitoyi, ASMBS ndi IFSO, ananena mu 2022 kuti wa shuga wa mtundu wachiwiri akhoza kuchitidwa BMI yake (muyeso wa kulemera kwa munthu poyerekeza ndi kutalika kwake) ikafika 30, ndipo kwa anthu a ku Asia malirewo amatsikirapo pang'ono.

Maopaleshoni amene mudzawamve kwambiri ndi awiri, ndipo masiku ano onse amachitika pobowola timabowo pamimba, osang'amba. Pa sleeve gastrectomy dokotala amadula n'kuchotseratu magawo 75 mpaka 80 pa 100 a chifu. Chotsalacho chimakhala chubu choonda. Matumbo sawakhudza, choncho chakudya chimayendabe njira yake yakale. Mbali yochotsedwayo ndi imene imapanga kwambiri ghrelin, homoni yodzutsa njala, motero anthu ambiri amaona kuti njala yawachepera. Chimene chadulidwa chapita basi, sichibwezeredwa.

Gastric bypass, imene dzina lake lonse ndi Roux-en-Y potengera dokotala wa ku Switzerland César Roux, sichotsa kanthu. Kumtunda kwa chifu amapangako kathumba ka mamililita pafupifupi 30, n'kukalumikiza ndi matumbo aang'ono chapatsogolo. Chakudya chimalambalala chifu chachikulu chija pamodzi ndi chiyambi cha matumbo. Chifucho chimakhalabe m'mimba chamoyo, madzi ake ogayira amakakumana ndi chakudya kumunsi.

Kulambalala kumeneku ndiko kumatikhudza ife. Chakudya chikafika msanga kumunsi kwa matumbo, homoni ya GLP-1 imatuluka yambiri, ndipo imeneyi imauza kapamba kuti atulutse insulini panthawi yake. Ndiye mupeza munthu shuga watsika m'masiku ochepa chabe, thupi lisanayambe n'komwe kuphwa. Kudya pang'ono kwa masabata oyambawo kumathandizanso, makamaka pochotsa mafuta m'chiwindi. Dokotala wa ku America Walter Pories analemba za zimenezi mu 1995 ataona odwala ake a bypass akusiya mankhwala a shuga. Sleeve nayo imakweza GLP-1, popeza chakudya sichichedwa m'chubu muja, koma kawirikawiri sifika pamene bypass imafika.

Manambala tsono. Ku chipatala cha Cleveland Clinic ku America, gulu la Philip Schauer linatenga odwala shuga 150 n'kuwagawa patatu mwamaere: ena mankhwala okha, ena bypass, ena sleeve. Kafukufukuyu amatchedwa STAMPEDE. Chimene ankafuna n'chakuti HbA1c, muyeso uja woonetsa mmene shuga wakhalira miyezi itatu yapitayo, ifike pa 6.0 kapena kutsikirapo. Patatha chaka, anafikapo 42 pa 100 alionse a bypass, 37 a sleeve ndi 12 a mankhwala okha. Patatha zaka 5, m'zotsatira za mu 2017, anali 29, 23 ndi 5. Thupi linatsika ndi magawo 23 pa 100 kwa a bypass ndi 19 kwa a sleeve. Kusiyana kwa awiriwa pano n'kochepa, ndipo kafukufukuyu sanakonzedwe kuti awapikisanitse. Amene anawapikisanitsa maso ndi maso ndi wa Oseberg ku Norway, wa odwala 109, amene zotsatira zake zinatuluka mu 2019: patatha chaka shuga anali atagona mwa pafupifupi 75 pa 100 alionse a bypass ndi pafupifupi 48 a sleeve.

Ndati "atagona" dala. Mawu oti "wachira" ndimawakana. Madokotala amati shuga wagona ngati HbA1c ili pansi pa 6.5 kwa miyezi itatu kapena kuposa popanda mankhwala, ndipo wogona amadzuka. Ku Rome, Geltrude Mingrone ndi anzake anatsatira odwala 60 kwa zaka 10. Pa zaka ziwiri, 75 pa 100 alionse a bypass shuga wawo anali atagona. Pofika zaka 10 anatsala 25. Musathe mawu ndi nambala imeneyi: ngakhale amene shuga anawadzukira, ambiri anali pabwino kuposa kale, akumwa mankhwala ochepa. Koma wina akakulonjezani kuti mukatsanzikana ndi shuga mpaka kalekale, muchenjere naye.

Chimene ndimaona kuti chimalemera kuposa dzina la opaleshoni ndi msinkhu wa shuga wanuyo. Opaleshoni imathandiza kapamba amene akadali ndi mphamvu, siukitsa timaselo timene tinafa kale. Mu 2017 Ali Aminian ndi anzake anakonza njira yogawira odwala poyang'ana zinthu zinayi: zaka zimene mwakhala ndi shuga, kuchuluka kwa mitundu ya mankhwala amene mukumwa, ngati mumabaya insulini, ndiponso ngati HbA1c yanu ili pansi pa 7. Magulu anatuluka atatu. Kwa amene shuga wawo ndi wanthete, wa zaka zochepa ndipo akumvera mankhwala amodzi, maopaleshoni onse awiri anagwira bwino. Kwa amene shuga wawo anakalamba, wa zaka zambirimbiri ndi insulini yomwe, onse awiri anagonetsa shuga mwa anthu ochepa kwambiri, moti ofufuzawo anati sleeve ndiyo yoyenera poti ngozi zake n'zochepa. Pakatipo m'pamene bypass inasiya sleeve kutali.

Ambiri amene amafika poganiza za opaleshoni ali m'gulu lapakatili: zaka zingapo ndi shuga, mankhwala awiri kapena atatu, HbA1c yosamvera. Kwa munthu wotere ine ndimapendekera ku bypass, ndipo sindibisa. Komanso zikutanthauza kuti kuzengereza kuli ndi mtengo wake. Chaka chilichonse chimene mukuti ndiyambe ndaona, kapamba akutopa.

Funso lachiwiri, limene ambiri amalipeputsa, ndi la chilungulira. Chubu cha sleeve n'chopanikizika, ndiye asidi amakankhidwira kummero. Amene anali nacho kale chimamukulira, ndipo ena amene sankachidziwa amayamba nacho. Kafukufuku wa SLEEVEPASS ku Finland ataunika odwala patatha zaka 10 anapeza kummero kotupa mwa 31 pa 100 alionse a sleeve ndi 7 okha a bypass. Asidi akamapsereza kummero zaka zambiri, khungu la mkati mwake limasintha, vuto lotchedwa Barrett's, lomwe limafuna kuunikidwa kawirikawiri chifukwa nthawi zina limasanduka khansa. Bypass imachita zosiyana: kathumba kaja kamapanga asidi wochepa, mwakuti madokotala amaigwiritsa ntchito pochiza chilungulira chimene. Ngati mumagona mutatsamira mapilo atatu chifukwa cha moto wa pamtima, sleeve si yanu. Pemphani kuti akuunikeni kummero ndi kamera musanasankhe.

Ndisakhale ngati wogulitsa bypass. Ngongole zake n'zambiri, ndipo zina zimapweteka wa shuga kuposa wina aliyense. Mukadya zotsekemera kapena zamafuta, zimagwera m'matumbo nthawi imodzi: mtima kuthamanga, thukuta, nseru, kutsegula m'mimba. Madokotala amati dumping. Ena amaiyamikira ati imawaletsa zotsekemera, koma ine sindiona chokoma pa chilango chotere. Choopsa kwambiri chimabwera mochedwa, ola limodzi mpaka atatu mutadya. Shuga amakwera mofulumira, kapamba n'kutulutsa insulini yopitirira muyeso, kenako shuga n'kugwa pansi: kunjenjemera, chizungulire, kusokonezeka mutu, ena mpaka kukomoka. Kawirikawiri zimayamba patapita chaka kapena kuposa. Ambiri amazigonjetsa posintha kadyedwe, koma ngati ntchito yanu ndi yoyendetsa galimoto kapena yokwera pamwamba, kambiranani nkhaniyi ndi dokotala mofatsa. Pa sleeve zimachitikanso, koma mocheperapo.

Pamene kathumba kalumikizana ndi matumbo pamabuka zilonda msanga ngati mukusuta fodya kapena kumwa mankhwala a ululu monga ibuprofen ndi diclofenac. Amene mawondo kapena msana zimamukakamiza kumwa mankhwala amenewa tsiku ndi tsiku aganizire sleeve. Matumbo akhozanso kulowa m'mpata umene opaleshoni inasiya n'kupotokola, ngakhale patapita zaka, choncho kupweteka kwambiri m'mimba kwa munthu wa bypass si kodikira kuti kuche. Mowa umalowa m'magazi mofulumira, ndipo chizolowezi cha mowa chimagwira a bypass ambiri kuposa a sleeve. Miyala ya mu impso nayo imachulukirapo.

Kenako mavitamini. Ayironi ndi kashiamu zimayamwidwa kwambiri m'chigawo cha matumbo chimene chalambalalidwa chija, ndipo vitamini B12 imafuna chifu kuti ilowe bwino m'thupi. Kumwa mavitamini ndi kuyezetsa magazi chaka ndi chaka n'kwa moyo wonse. Sleeve nayo imafuna zomwezo, kungoti ukaphonya sikulanga msanga. Kwa ife pali msampha wina apa. Metformin, piritsi la shuga lija, payokha imachepetsa B12, ndipo kuchepa kwa B12 kumachititsa dzanzi kumapazi lofanana ndendende ndi la shuga. Munthu akhoza kumati ndi shuga wanga uja, pamene mitsempha ikuwonongeka ndi chinthu chimene jakisoni akanachiza. Ndiye dzifunseni moona: kodi zaka 15 zikubwerazi ndidzakhala ndikupezabe mavitamini ndi poyezetsa magazi? Ngati yankho likukayikitsa, sleeve ndiyo yokhululuka. Imasankhidwanso kwa odwala matenda otupitsa matumbo otchedwa Crohn's, kwa amene matumbo awo anamatirirana chifukwa cha maopaleshoni akale, ndi kwa oyembekezera kuikidwa impso ina. Ndipo ili ndi khomo lotulukira: sleeve ikakanika, kaya chifukwa cha chilungulira kapena shuga wadzuka, amatha kuisandutsa bypass, ngakhale opaleshoni yachiwiri nthawi zonse imavutirapo kuposa yoyamba.

Maopaleshoni enawo ndingowadutsa. Lamba womanga kumtunda kwa chifu, gastric band, anatchuka kale. Kafukufuku wa John Dixon ku Australia mu 2008 anaonetsa shuga atagona mwa 73 pa 100 alionse, koma onsewo anali oti shuga wawapeza pasanathe zaka ziwiri. Lamba sasintha mahomoni a m'matumbo, amangodalira kutsika kwa thupi, ndipo ambiri amadzamuchotsa chifukwa chotsetsereka kapena kudya chifu. Zipatala zambiri zinamusiya. Kumapeto kwinako kuli biliopancreatic diversion ndi mbale wake duodenal switch, zimene zimalambalala mbali yaikulu ya matumbo. Pa shuga palibe yoziposa: ku Rome kuja, 95 pa 100 alionse pa zaka ziwiri, ndi 50 pa zaka 10. Mtengo wake ndi kutsegula m'mimba, kusowa kwa mapuloteni ndi kwa mavitamini A, D, E ndi K. Ndi ya anthu a BMI yoposa 50 amene sangaphonye tsiku la kuchipatala. Palinso mini bypass, ya polumikiza pamodzi m'malo mwa pawiri. Dzinalo lisakunamizeni, si yaing'ono. Imagwira pa shuga mofanana ndi bypass yeniyeni, koma ndulu ikhoza kubwerera m'kathumba ndipo zakudya zofunika zimatayika zambiri.

Wina afunsa za jakisoni wa semaglutide kapena tirzepatide, amene amatsanzira mahomoni a m'matumbo monga GLP-1 ija. Ndi mankhwala amphamvu ndithu ndipo ena amawakwanira osafunanso mpeni. Kungoti ukasiya kubaya thupi limabwerera, ndipo odwala shuga amatsika nawo pang'ono poyerekeza ndi opanda shuga. Madokotala amawapatsanso anthu amene shuga wawadzukira pambuyo pa opaleshoni.

Mukasankha iliyonse, masabata oyandikira opaleshoni ndi amene wa shuga ayenera kusamala kwambiri. Mankhwala a shuga a gulu la SGLT2, monga empagliflozin ndi dapagliflozin, amasiyidwa masiku osachepera atatu opaleshoni isanachitike, chifukwa munthu akamadya pang'ono angachititse asidi kuchuluka m'magazi ngakhale kamakina koyezera kakuonetsa shuga wabwinobwino. Mlingo wa insulini ndi wa mapiritsi monga glibenclamide ndi gliclazide uyenera kutsitsidwa kuyambira tsiku loyamba, apo ayi shuga adzagwa. Musatuluke m'chipatala opanda pepala lonena mlingo watsopano. Amayi amalangizidwa kudikira miyezi 12 mpaka 18 asanatenge pakati, ndipo poti thupi likatsika kubereka kumabwerera msanga, njira yolera ikhale yokonzeratu. Pambuyo pa bypass mapiritsi olera sadalirika kwenikweni. Ndipo kayezetseni maso musanalowe. Ngati shuga anayamba kale kuwononga mitsempha ya m'maso, kutsika kwake kwadzidzidzi kukhoza kukulitsa vutolo kwa kanthawi, choncho dokotala wa maso akuoneni opaleshoni isanachitike ndiponso m'chaka choyamba.