Ntchito yoziziritsa magalimoto akale othamanga kuno ku Dubai

Abale anga kumudziko, ambiri mwakhala mukufunsa za ntchito imene ndikugwira kuno ku Dubai. Pagalaja pathu pamabwera magalimoto akale othamanga, monga Porsche 911 ndi Jaguar E-Type imene inayamba kupangidwa mu 1961, ndipo eni ake amafuna kuti tiwaikire AC yoyendera magetsi, kutanthauza makina oziziritsa mkati mwa galimoto. Kuyambira June mpaka September kutentha kumapitirira madigiri 40, mpweya n'kukhala wachinyezi chifukwa cha nyanja, moti galimoto yosazizira mkati imangokhala yofunditsidwa nsalu mpaka nyengo itasintha.

Porsche 911 ndiyo imatipatsa ntchito yambiri. Injini yake ili kumbuyo, ndipo mpaka mu 1998 inkaziziritsidwa ndi mphepo, osati madzi. AC yake yakale inkadalira kompuresa (pampu yopanikiza gasi woziziritsa) yozunguzidwa ndi lamba wa injini, gasi n'kumayenda m'mapaipi ataliatali kuchoka kumbuyo kupita kutsogolo, ndipo condenser, imene ntchito yake ndi kutaya kutentha, inaikidwa pachivundikiro cha injini, pamalo otentha kale. Galimoto ikaima pamzere, injini n'kumazungulira pang'onopang'ono, kuzizirako kumatha pa nthawi imene munthu akukufunitsitsa. Gasi wakenso anali R12, amene mayiko anagwirizana zomusiya pa pangano la ku Montreal la 1987, choncho masiku ano timathira R134a.

Kompuresa yamagetsi ili ndi mota yakeyake, motero siidalira liwiro la injini. Timaiika m'buti ya kutsogolo, mapaipi n'kukhala afupiafupi, ndipo condenser timaibisa pafupi ndi tayala pamodzi ndi fani yake. Kumanga zimenezi si kovuta. Pamene pagona nkhani ndi pa magetsi, chifukwa kompuresayi pamodzi ndi mafani imakoka magetsi ochuluka kuposa amene alternator yakale (makina otchaja batire) ingapereke itayatsanso nyali ndi zina zonse. Tikapanda kuisintha, batire limatha galimoto ikuyenda. Timaika alternator yamphamvu kwambiri, mawaya onenepa ngati chala, ndi kabokosi kamene kamachepetsa liwiro la kompuresa mphamvu ya batire ikayamba kutsika. Ndaonapo galimoto imene ena anaiika waya wowonda. Pulasitiki ya wayayo inali itasungunuka n'kumatirira pakapeti, ndipo mwiniwake ankangodabwa ndi fungo.

Palinso mbali imene eni magalimoto sakonda kumva. Kompuresa ya ma volt 12 ili ndi malire, ndipo singapambane ngati kutentha kukuloŵabe mkati. Mu E-Type kutentha kwa injini, giyabokosi ndi paipi ya utsi kumadutsa pansi n'kuwotcha mapazi a woyendetsa, choncho tisanaike china chilichonse timachotsa mipando ndi kapeti, n'kuyala zotchinga kutentha, kenako n'kusintha malabala a m'zitseko amene anauma ndi dzuŵa. Kwa ine, ntchito yosaonekayi ndiyo imathandiza kwambiri kuposa makina odulawo. Zonsezi timachita mosamala kuti tisadule kapena kuboola thupi la galimoto mwachisawawa, pakuti galimoto yakale yodulidwa imatsika mtengo, ndipo eni ake amafuna kuti chilichonse chimene taika chidzathe kuchotsedwa.

Tikamaliza, sitiyesera galimoto mumthunzi. Timaiimika padzuŵa masana, injini ikulira, choyezera kutentha chili pakamwa potulukira mphepo, mita ina ili pabatire, kwinaku tikusuzumira pansi kuona ngati madzi a chinyezi akudontha panja osati pamapazi a wokwera. Mwiniwake akabwera timamuuza poyera kuti galimoto yake sidzazizira ngati yatsopano, koma adzayenda osanyowa malaya, ndiponso kuti azibwera nayo kuti tizitsuka condenser, chifukwa mchenga wa kuno suchedwa kuitseka.