Ndinatseketsa bwinobwino, koma za ululu wokhalitsa sanandiuze

Kiliniki iyi ndaipatsa nyenyezi 3 mwa 5. Ndinapitako kukapangitsa vasectomy, opaleshoni yotseka abambo kuti asaberekenso, titagwirizana ndi mayi akunyumba kuti ana atatu atikwana, iwonso mapilitsi anali atawatopetsa. Pa ukhondo ndi ulemu palibe chowanena, anesi anandilandira bwino, adokotala anandibaya jakisoni wa dzanzi kenako njira yosang'amba ija, amangoboola kabowo kamodzi n'kudula timachubu todutsa mbewu, mphindi 20 basi ndinali nditavala. Anatsindikanso kuti tisasiye makondomu kwa miyezi 3 mpaka atayeza umuna, apo anachita bwino.

Pomwe anandikhumudwitsa ndi pauphungu. Anangoti muzimva kuwawa masiku ochepa, mwina sabata, muzimwa paracetamol zithera pompo. Ine miyezi 7 yadutsa tchende lakumanzere likadali kuwawa, osati kwambiri ayi koma kulemera kwinakwake ngati wina wakufinya, ndikakhalitsa pampando kapena ndikakwera njinga kumabwera, nthawi zina ngakhale tikamaliza kucheza ndi mayi. Usiku wina tulo osabwera, kumangoganiza kuti kaya ndaonongeka.

Nditabwererako ndi pomwe adokotala ena anandikhazika pansi n'kundiuza kuti vutoli lilipo ndithu, amalitcha post-vasectomy pain syndrome ululu ukapitirira miyezi 3. Machende sasiya kupanga mbewu, ndiye imatha kudzadzana kuseri kwa tchende n'kumakankha, kwa ena pamene anadula paja pamatuluka kachotupa, kwa ena ndi mtsempha womwe wapanidwa ndi chipsera. Bungwe la American Urological Association, la madokotala a ku America oona za njira ya mkodzo ndi ziwalo za abambo, limati bambo 1 kapena 2 mwa 100 amakhala ndi ululu wosokoneza moyo wa tsiku ndi tsiku. Ndi ochepa inde, koma bwanji osandiuza ndisanagone pabedi paja? Mwina ndikanavomerabe, koma ndikudziwa.

Adokotala achiwiriwa sanandithamangitse, anayeza kaye ngati pali matenda kapena hernia (matumbo kutsikira kumachende), palibe. Pano ndili pa ibuprofen ndi kabudula wamkati wogwira bwino, zachepako ndithu. Akuti zikakana pali mankhwala a mitsempha ngati amitriptyline, jakisoni wopha ululu pamtsemphapo, kapenanso opaleshoni yolumikiza timachubu tija. Abambo anzanga mukapita, afunseni maso ndi maso kuti ululu ukapitirira miyezi 3 adzakuthandizani bwanji. Ine andipatsa tsiku loti ndikaonekerenso mwezi wamawa.