Kamakina ka m'khutu nkabwino, koma mnyamata wa pakauntala ayi

Ndinawagulira amayi kamakina kothandiza kumva, kaja kokoleka kuseri kwa khutu, pa shopu ina ku Kamwala mu Lusaka. K1,800, poti kumeneko mukudziwa kale kuti sachotsera. Mnyamata wogulitsa anangokaponya m'pulasitiki maso ali pa foni, osatiyeza, osatiuza kanthu.

Lamlungu tili m'tchalitchi ku Chilenje, abusa atangoti tiyeni tipemphere, kanayamba kuimba mluzu. Tswiii! Anthu kutsegula maso, ana a kumbuyo kuphulika nako kuseka, mayi wina wa Chigwirizano mpaka kusuzumira pansi pa benchi. Amayi ali phee, manja apinda, chifukwa mawu ang'ono otere ndi amene makutu awo anasiya kumva kalekale. Nditawakodola nkuwavula, anandifunsa mokweza kuti, "Nanga walandiranji, mwanawe?" Manyazi amene ndinawaona pankhope pawo atazindikira, sindinagone nawo tulo.

Lolemba m'mawa ndinabwerera nawo. Mnyamata uja akuti zogulidwa sizibwezedwa, mwina agogowa akudina molakwika. Agogo ake ndani? Ndinali nditayamba kale kukweza mawu pamene mayi wina wachikulire anatulukira kuseri kwa shopuyo. Anawakhazika amayi pampando, nkuona kuti kalabala kolowa m'khutu kanali kochepa. Mawu amathawira panja nkubwereranso m'kamakinako, ndiye mluzuwo. Anaika kokulirapo, kamene kanali m'bokosi momwemo nthawi yonseyi, mluzu nkutheratu. Anatiuzanso kuti batire yake ndi nambala 13, ya kapepala ka olenji, ndipo ukamatula kapepalako uzidikira mphindi imodzi kuti mpweya ulowe usanaiike. Usiku kachitseko ka batire kazikhala kotsegula, apo ayi imangodyeka.

Ndiye sindinganame, kakugwira ntchito. Dzulo mdzukulu wawo anang'ung'udza ali kukhitchini kuti ndiwo zachepa mchere, amayi nkumuyankha ali pakhonde kuti akaphike yekha. Tinaseka mpaka misozi. Batire imatha sabata ndi theka. Vuto lake kamakweza chilichonse, moti mu minibasi ya ku town amakazimitsa, akuti makondakitala akuwalowa m'mutu.

Mukapitako funsani mayi wachikulireyo. Mnyamatayo mpaka lero sanapepese, ndipo mabatire ndikugula kwina.