Ma ejenti a nyumba ku Lilongwe: amathandiza pati, nanga amakusiyani pati?

Munthu akafuna kugula nyumba ku Lilongwe masiku ano amayamba ndi ejenti. Ena ali ndi ofesi ndi chikwangwani, ena ofesi yawo ndi foni ndi gulu la pa WhatsApp kapena tsamba la pa Facebook. Pa ntchito yopeza nyumba onsewa ndi akatswiri. Mukangonena kuti mukufuna ya zipinda zogona zitatu, ya mpanda, ku Area 49 kapena Area 25, dzuwa lisanalowe zithunzi zadzaza foni. Amadziwanso amene akugulitsa mwachinsinsi, ndi amene wapanikizika moti atha kutsitsa mtengo. Apa ndalama yawo amaidyera thukuta.

Vuto lili pa malipiro. Ejenti amalandira gawo lake nyumba ikagulidwa, ndiye chilichonse chochedwetsa malonda si mnzake. Sikuti onse ndi abodza ayi, koma zimene simunafunse ambiri sanena. Gwirizanani pachiyambi, molemba, kuti akulipira ndani, wogula kapena wogulitsa, komanso zingati. Ndalama yoonetsera nyumba nayo idziwike musanakwere galimoto. Chenjeraninso ndi nyumba imodzi yotsatsidwa ndi anthu atatu pa mitengo itatu: pamenepo pali mzere wa madobadoba, aliyense waikapo kake, ndipo mwini weniweni mwina sakudziwa n'komwe mtengo umene mwauzidwa.

Pa mapepala ndi pamene ntchito yawo imafooka kwambiri. Mawu akuti “mapepala onse alipo” amatanthauza zinthu zosiyana. Ena akunena lizi yolembedwa ku unduna wa za malo, imene pa malo okhala nthawi zambiri imakhala ya zaka 99. Ena akunena kalata yongopatsidwa malo yochokera ku Malawi Housing Corporation kapena ku khonsolo ya mzinda. Enanso akunena kapepala kosainidwa ndi a mfumu. Zitatuzi sizilemera mofanana, ndipo banki ikamapereka ngongole ya nyumba imafuna yoyambayo. Tengani nambala ya malowo, loya wanu akafufuze m'kaundula wa malo. Kafukufukuyu amaonetsa dzina la mwini, zaka zimene zatsala pa lizi, komanso ngati nyumbayo ndi chikole ku banki kapena wina adaikapo chiletso. Dzinalo lifanane ndi la pa chiphaso cha unzika cha amene akugulitsa. Ngati mwini adamwalira, pakhale chikalata cha khoti chopereka mphamvu yoyang'anira chuma cha masiye. Mwana mmodzi kugulitsa abale ake asakudziwa ndi nkhani imene imatha zaka m'makhoti, wogula atalipira kale. Funsaninso malisiti a msonkho wa khonsolo ndi lendi ya malo, chifukwa ngongole zimenezi zimatsekereza kusintha dzina. Ndipo loya akhale wanu, osati amene ejenti wakubweretserani.

Za dera, ma ejenti amakonda mawu awiri: “pafupi ndi tala” ndi “malo abwino”. Kupeni mtunda ndi mapazi anu. Yendani kuchokera pa geti kufika pokwerera minibasi, muwerenge mphindi. Kenako yesani ulendo wa kuntchito cha m'ma 6:30 m'mawa tsiku la ntchito, osati Loweruka masana pamene ejenti amakonda kuonetsa. Wogwira ntchito ku Kanengo, Area 25 imamuyenera. Wogwira ku Old Town akagula ku Area 25 adzalipira kusiyanako tsiku ndi tsiku pa mafuta kapena pa minibasi ziwiri.

Nyengo yoonera nyumba ndi yofunika kuposa penti. Mu Okutobala msewu uliwonse wa fumbi umadutsika. Pitani mu Januwale kapena Febuluwale, mvula itangogwa, muone kumene madzi akulowera. Mu Febuluwale 2017 mtsinje wa Lingadzi udasefukira n'kuononga nyumba ku Mtandire, ndipo malo otsika a m'mbali mwa mitsinje ya mumzindawu amakhala pa chiopsezo chomwecho chaka chilichonse. Ngati simungadikire dzinja, khoma limaulula: mzere wa matope pa mpanda, pulasitala wotupa ndi wofumbutuka m'munsi, ndere zobiriwira kuseri kwa nyumba. Penti watsopano wopakidwa m'munsi mokha ndi wofunika kumufunsa mafunso. Dothi lakuda la m'dambo limafufuma likanyowa, n'kung'aluka likauma, ndipo maziko amayenda nalo. Mng'alu woyenda chopingasa kuchokera pa ngodya ya zenera kapena chitseko, wotakata kumtunda, ndi wa maziko. Timing'alu tating'ono ta pulasitala si nkhani.

Madzi ndi magetsi musafunse ejenti, funsani anthu oyandikana nawo, makamaka amayi amene amakhala pakhomo masana. Mukaona migolo ndi zigubu pa khonde lililonse, kapena thanki pamwamba pa nyumba iliyonse, yankho mwalipeza. Tsegulani mpopi wa ku shawa m'mawa, pamene dera lonse likutunga. Kenako tsekani mipopi yonse muyang'ane mita ya Lilongwe Water Board: ikamayendabe, paipi ikudontha pansi penapake. Mita ya ESCOM ikhale ya nyumbayo yokha, osati waya wochokera kwa neba. Pomwe pali chitsime, chikhale mamita osachepera 30 kuchokera ku chimbudzi chokumba kapena dzenje la zonyansa. Pa mapuloti ang'onoang'ono mtunda umenewu suchitika kawirikawiri, choncho madzi otero ndi ochapira basi.

Pali zina zimene pafupifupi ejenti aliyense amadumpha. Kwerani mu siling'i ndi tochi, mubaye matabwa ndi msomali kuti muone ngati chiswe chidalowa, muonenso kuwala kodutsa m'malata. Pezani zikhomo za malire pa ngodya zonse. Mpanda umatha kulowa mita imodzi mwa neba kapena mu msewu, ndipo zikhomo zikasowa itanani wopima malo musanalipire. Lachisanu usiku dutsaninso, mumve ngati pali bala kapena holo ya maukwati pafupi.

Ejenti wa ofesi yodziwika amaposa wa pafoni pa chinthu chimodzi chachikulu: zikavuta muli ndi khomo logogoda. Wa pafoni amaposa pa liwiro ndi podziwa nyumba za m'madera ngati Area 36, Area 23 ndi Chinsapo, kumene makampani safikako kwambiri. Aliyense mwa awiriwa mugwiritseni ntchito yopeza nyumba ndi kukukumanitsani ndi mwini wake maso ndi maso. Akakana kukuonetsani mwiniyo, kapena akafuna chikole “kuti ena asatenge” kafukufuku wa m'kaundula asanatuluke, siyani nyumbayo. Ndalama yogulira idutse ku banki kapena kwa loya, pangano logulitsana litasainidwa pamaso pa mboni.