Kosi ya amisiri yomanga mosawononga zinthu kuno ku Harare, mmene ndaionera ine

Abale anga amisiri, ambiri mwakhala mukundifunsa za kosi ndinalowa ija, yophunzitsa kamangidwe kosawononga magetsi, madzi ndi zipangizo, nde ndati ndingolemba kamodzi aliyense adziwerengere yekha. Yankho langa ndi loti kosiyi ndi yabwino, ndalama yanu siipita pachabe, koma anaikonza akuganizira anthu a mu ofesi okhala ndi laputopu pomwe amene tingapindule nayo kwambiri ndife ogwira njerwa ku Budiriro, ku Epworth, ku Hopley ndi ku Caledonia, chifukwa nyumba zambiri za mu Harare zikumangidwa kumeneko ndipo omanga ake ndife.

Imachitika Loweruka mu holo ina m'tauni, kuyambira m'mawa mpaka chakumasana, tiyi ndi mabanzi zilipo. Ambiri obwera ndi mainjiniya ofuna mapointi okonzetsera ziphaso zawo, ojambula mapulani, owerengera zipangizo ndi makontirakitala, ife a pa sayiti tinalipo ochepa zedi. Aphunzitsi enieni analipo awiri, amayi ena ojambula mapulani ndi abambo ena achikulire, injiniya, ndipo amayiwo ndi amene anandigwira mtima.

Anayamba ndi dzuwa. Anabweretsa kanyumba ka katoni pa tebulo, nkuzimitsa magetsi, nkutenga tochi ya foni kumaiyendetsa pamwamba pa kanyumbako, kenako anatifunsa kuti inu akuluakulu mukafika pa sitandi yatsopano musanakhome chikhomo choyamba mumayang'ana chiyani? Tonse tinati msewu, khomo liyang'ane kumsewu basi. Iwo amvekere yang'anani kaye kumpoto. Harare ili pafupifupi madigiri 18 kummwera kwa ikweta, nde mu Juni ndi Julayi kukamazizira dzuwa limadutsa chakumpoto ndiponso mmunsi, masana limangokwera madigiri pafupifupi 49, ndiye zenera loyang'ana kumpoto limalandira dzuwa mpaka mkati mwa chipinda nkutenthetsa pansi. Pofika Okutobala dzuwa lakwera pafupifupi paliwombo, khonde la denga lotuluka theka la mita limakwanitsa kuphimba zenera lomwelo, dzuwa osalowa. Zenera limodzimodzi, nthawi yozizira kufunda, nthawi yotentha mthunzi, popanda kuwonjezera ngakhale dola imodzi pa kotesheni. Loipa ndi zenera lalikulu loyang'ana kumadzulo, chifukwa dzuwa la madzulo limabwera chammbali, khonde silingalitchinge, ndipo chipinda chogona chikakhala mbali imeneyo komanso malata opanda siling'i, mu Okutobala chimakhala ngati uvuni mpaka pakati pa usiku, ana kumangotembenuka osagona. Kumadzulo ikaniko bafa, chimbudzi, sitolo kapena galaja, mubzalekonso mtengo. Ine apa ndinakhutira, ndipo mpaka pano ndikayenda pa kombi maso amangokhala pa mawindo a anthu.

Pa denga anatsindika kuti kutentha kwambiri kwa nyumba yopanda zosanja kumalowera pamwamba, nde kasitomala akati ndalama zachepa musayambe kudula siling'i, bola matailosi adikire. Kansalu konyezimira kaja koyala pansi pa malata ndi siling'i yokhala ndi zotchingira kutentha pamwamba pake zimagwira ntchito nyengo zonse ziwiri, ndipo malata owala amabweza dzuwa kusiyana ndi akuda aja amene alowa fasho masiku ano, aliyense akufuna denga lamakala chifukwa aneba ali nalo.

Tsiku lina anatitenga wapansi kupita ku Eastgate, nyumba yaikulu ya mashopu ndi maofesi ija, pa Robert Mugabe Road paja. Tonse timaidziwa, ambiri tinagulamo zinthu, koma kuiona ndi munthu wokulozera ndi nkhani ina. Nyumbayi inatsegulidwa mu 1996, anaijambula ndi Mick Pearce, wobadwira mu Harare momwemuno, mothandizana ndi mainjiniya a kampani ya Arup, ndipo nzeru yake anaitenga ku chulu cha chiswe, mmene mpweya umalowera ndi kutulukira. Usiku mafani amakoka mpweya wozizira nkuupititsa m'mabowo a mkati mwa konkire ya pansi pa maofesi, konkireyo imazizira nkusunga kuzizirako, masana mpweya ukamadutsa momwemo umafika mu ofesi uli wozizirira, wotentha umakwera nkutulukira m'machumuni a njerwa ali ndandanda padenga aja. Amayi aja anatiimika panja nkutiuza kuti tiyang'ane khoma, mawindo ake ndi ang'ono, olowa mkati, konkire yatulukira kunja ngati mano kuti ipange mthunzi, pena pali zomera. Zonsezi zimatheka chifukwa Harare ili pamtunda, pafupifupi mamita 1,500, nde ngakhale masana kutenthe bwanji usiku kumazizira. Chimene ndinakonda ndi choti sanasiyire pongoisirira nyumbayo, anatifunsa kuti nanga pa nyumba ya zipinda zinayi ku Mufakose mungatengepo chiyani? Khoma lochindikala ndi pansi pa simenti posunga kuzizira, mawindo a mbali ziwiri zoyang'anana kuti mphepo idutse, timabowo ta mpweya pamwamba pa khoma, kutsegula usiku nkutseka masana. Ma air brick aja amene anthu ayamba kumawamata ndi pulasitala kuti nyumba ioneke yamakono, ntchito yake inali imeneyo.

Za madzi anaphunzitsa abambo achikulire aja, iwo ndi a masamu okhaokha pa bolodi koma masamu ake osavuta. Milimita imodzi ya mvula pa sikweya mita imodzi ya denga ndi lita imodzi. Harare imalandira mvula pafupifupi mamilimita 800 pa chaka, nde denga la masikweya mita 60 limagwira malita 48,000, muchotsepo otayika ndi oyamba otsuka fumbi aja mutsala ndi pafupifupi 38,000. Kuno kumene mpopi wa khonsolo umatha masabata uli gwa, amayi akudzuka mbandakucha kukaima pamzere ku mjigo, ndi zomvetsa chisoni kuti tikumanga nyumba zopanda magatala. Koma sanatinamize ayi, anati mvula yathu imagwa Novembala mpaka Malichi, thanki ya malita 5,000 singakufikitseni Okutobala, imangokupumitsani miyezi ya mvula ndi pang'ono pambuyo pake, ndiye musamulonjeze kasitomala zambiri. Anakambanso za zimbudzi zogejemula, zakale zija zimataya malita 9 kapena kuposa ulendo umodzi pomwe za mabatani awiri ndi 6 kapena 3, pa banja la anthu ambiri ndi zidebe zingati pa tsiku zimenezo.

Pomwe holo yonse inakhala chete ndi pa nkhani ya chitsime ndi chimbudzi. Kolera ya 2008 mpaka 2009 inapha anthu oposa 4,000 m'dziko muno ndipo Budiriro inali pakati penipeni, ya 2018 inayambiranso Glen View ndi Budiriro, madzi a pansi atasakanikirana ndi zonyansa za m'mapaipi ophulika. Malangizo amati chitsime chitalikirane ndi dzenje la chimbudzi mamita 30, koma pa sitandi ya masikweya mita 200 mamita 30 muwapeza kuti? Ndipo ngakhale chanu mutalikitse, cha aneba chili kuseri kwa mpanda. Abambowo anati mmisiri akapemphedwa kukumba ziwirizi moyandikana ayenera kulankhula, asangoti ndi ganyu. Ambiri a ife tinataya achibale nthawi imeneyo, mawu amenewa sanali ongowerenga m'buku. Momwemonso pa za madambo, anapereka chitsanzo cha dambo la Monavale, limene linalowa m'ndandanda wa Ramsar wa madambo ofunika pa dziko lonse mu 2013, kuti dambo ndi limene limasunga madzi nkumawatulutsa pang'onopang'ono mu mtsinje wa Marimba mpaka ku nyanja ya Chivero kumene tonse timamwa, ndiponso dothi la makande limafufuma ndi mvula nkung'ambika chilimwe, nyumba yomangidwa pamenepo ming'alu siichedwa.

Za magetsi anadutsapo mwachangu, aliyense akukumbukira 2019 madzi atachepa ku Kariba, magetsi kumazima mpaka maola 18 pa tsiku. Chofunika kwa ife ndi lamulo la chaka chomwecho lonena kuti nyumba zatsopano ziziikidwa giza ya sola, nde pojambula denga siyani mbali yoyang'ana kumpoto yopanda mthunzi, ndipo matabwa a pansi pa giza akhale olimba chifukwa malita 200 a madzi ndi makilo 200 musanawerengere chitsulo chake.

Gawo limene ndikanakonda likanatenga theka la kosi yonse ndi la zipangizo. Njerwa za pafamu timazikonda kaamba kotchipa, koma sizifanana kukula, nde pamene matope a pakati ayenera kukhala mamilimita 10 mmisiri amaika 20 kaya 25 kuti mzere uwongoke, simenti ya matope yawirikiza, pulasitala nayenso achindikale kuti abise zokhota, zosweka pa lole nazo mulu, pomaliza kutchipa kuja kwathera mu simenti, osanenanso nkhuni zimene zapsa pa uvuni. Anatiuza kuti tiziyeza zipinda potsata kukula kwa njerwa ndi kutalika kwa malata ndi matabwa ogulitsidwa, kuti zodula zichepe. Simenti isagone pansi koma pa mapulanga, matumba asapitirire khumi kusanjikiza, osakanda matope ambiri oti aumira pansi anyamata ali ku nsima, konkire izithiriridwa masiku 7 chifukwa mphamvu yake yonse imafika pa masiku 28. Zina timazidziwa kale eya, koma ukaziona pa pepala zitasandulika madola umayamba kuzitenga mwa mtundu wina. Kumudzi ku Malawi boma linaletsa kale mu 2018 njerwa zootcha ndi nkhuni pa ntchito za boma ndi nyumba zamalonda, ndiye achimwene amene mukuganiza zobwerera kukagwira ntchito ku Lilongwe kapena ku Blantyre, mabuloko a simenti ndi njerwa za dothi zopanikiza ndi makina muziphunzire pano.

Ndipo panali mdindo. Agogo athu kumudzi ankamanga nyumba za mdindo, ife tinakula tikuziona ngati zaumphawi, kumeneko nkumva kuti Zimbabwe ili ndi muyezo wake wovomerezeka wa kamangidwe kameneka, SAZS 724 wa 2001. Anatitulutsa panja kuseri kwa holo. Dothi mu botolo, madzi, kukhutchumula, kusiya, mchenga umakhala pansi, dothi losalala pakati, dongo pamwamba, ukuona ndi maso ako kuti dothi lako ndi lotani. Kenako kuumba kampira ka dothi lonyowa m'manja nkukagwetsa kuchokera paphewa, kakangoti phwa osasweka madzi achuluka, kakamwazika kukhala fumbi achepa, kakasweka zidutswa zingapo ndiye zili bwino. Tinathira m'chikombole cha mapulanga pang'onopang'ono, masentimita 10 mpaka 15, kusinja mpaka kulira kwa musi kutasintha, kenanso. Titachotsa mapulanga kakhoma kanaima nji, mizere ya katondo ikuoneka yokongola, mnyamata wina injiniya anakagogoda ndi kiyi osakhulupirira. Maziko okwera kuti madzi asafike ndi khonde lalitali, khomalo likhala. Chomvetsa chisoni ndi choti zonsezi zinali za maola ochepa, anthu ambiri sanagwire nkomwe musi.

Apa ndiye pali dandaulo langa. Nthawi yochuluka inapita pa kompyuta, kuphunzira EDGE, njira ya IFC, nthambi ya World Bank, yoyezera nyumba, imene imafuna kuti upulumutse 20 pa 100 iliyonse pa magetsi, pa madzi ndi pa mpweya woipa wotuluka popanga zipangizo. Ndi yabwino kwa omanga maofesi ndi mafulati ku Borrowdale kapena ku Newlands, sindikuinyoza, koma amene analibe laputopu ankangosuzumira pa phewa la mnzake, intaneti nayo imaduladula. Zonse ndi Chingerezi, mabuku omwe, palibe ngakhale tsamba limodzi la Chishona, Chichewa ndiye musanene. Madala ena amene ndinakhala nawo pafupi, omanga kuyambira ndisanabadwe, ankandinong'oneza kuti mwana wanga akuti chiyani pamenepa, ndikawamasulira amvekere aaa zimenezo timapanga kale, nkundiwonjezera zina zoti mphunzitsi sananene. Munthu wotere amafunika kumupatsa mpata alankhule kutsogolo. Loweruka lina anabweretsa munthu wa kampani yogulitsa masola, ola lathunthu kutsatsa malonda ake pa nthawi imene tinalipira ife, zinandiwawa. Ndiponso sanafotokoze bwino za ku khonsolo, malamulo omangira amene akugwira ntchito ndi a 1977, ndiye ukapita ndi pulani ya mdindo kapena njerwa za dothi umayamba ndi ofesi iti, umanyamula mapepala ati, kodi injiniya asaine pati? Funsoli linafunsidwa, yankho linali lozungulira.

Mtengo ndi wa madola a ku America ndipo kwa mmisiri wodalira maganyu ndi wolemera, amafuna yonse musanayambe, bola akanalola kulipira pang'onopang'ono. Loweruka nalonso ndi tsiku limene makasitomala athu amapezeka pa sayiti, ndiye muwerengere ndi ganyu yotayika. Satifiketi amapereka, kwa mainjiniya ili ndi mapointi, kwa ife ndi yongoonetsa kasitomala, komabe ine yanga ndimaiika pamodzi ndi kotesheni.

Ngati ndinu kapitawo, kontirakitala wamng'ono kapena mumajambulira anthu mapulani, pitani. Ngati thumba silikulola, sonkhanani anthu anayi kaya asanu mutumize mmodzi wodziwa Chingerezi bwino, akabwerako adzakuphunzitseni pa sayiti Lamulungu masana, za dzuwa, za madzi ndi za dothi zonse zimatheka kuonetsana ndi katoni, botolo ndi tepi. Wopitayo afunsiretu asanalipire kuti maola a panja ndi angati, abwereke laputopu ngati angathe, aike kampasi mu foni, ndipo anyamule pulani ya nyumba imene akumanga pano, chifukwa amayi aja nthawi ya tiyi amavomera kuiyang'ana nkukulemberani ndi pensulo pomwe zenera lingasunthe.