Miyezi 9 ndi kamita koyezera batire la njinga yanga ya kabaza

Mu Meyi chaka chatha ndinagula kamita koyezera magetsi, kaja amakaniko amati multimeter, kachikasu, kokwana m'thumba la jekete. Ndinakagula nditakwiya. Njinga yanga ya 150cc inali itadya mabatire awiri m'miyezi 7 yokha, ndipo lachitatu linali litayamba kale kufooka. M'mawa pa siteji yathu ku Nsungwi ndikadina sitata ndinkangomva "tsa, tsa", kenako kuyamba kulimbana ndi kiki, kasitomala atakhala kale kumbuyo akuyang'ana njinga za anzanga. Aliyense ankati ndikugulitsidwa mabatire achinyengo, ndipo inenso ndinkavomereza. Pano tili mu Febuluwale, batire lachitatu lija lidakali pa njinga, ndiye ndati ndifotokoze mmene zayendera, zabwino ndi zoipa zomwe.

Tsiku loyamba lenilenilo kamitako kanatsuka mabatire mlandu. Njinga itagona usiku wonse, batire linawerenga 12.1V. Batire la 12V lodzaza bwino limayenera kukhala pa 12.6V mpaka 12.8V, choncho langa linali ngati lili pa theka. Zimenezo sizinandidabwitse. Chinandidabwitsa n'chakuti nditaliza injini n'kuwonjezera moto, nambala inangofika pa 12.4V n'kuima pomwepo. Njinga yomwe ikutchaja bwino imapereka pakati pa 13.5V ndi 14.5V ukakweza moto. Yanga inkangomwa m'batire osabwezeramo kanthu. Ngakhale ndikanagula batire lodula bwanji, likanafa chimodzimodzi.

Kupeza chomwe chinkalepheretsa kutchaja ndiye kunafuna munthu wodziwa. Ndinapita kwa madala ena okonza njinga cha ku Mchesi, omwe anayamba andiseka kaye. "Mphwanga, mita wagula, koma ukudziwa pogwiritsa?" Anandionetsa kuti magetsi amayambira pa koilo ya m'mageneto, kumanzere kwa injini. Amatuluka ali AC, magetsi osinthasintha mbali, n'kudutsa mu rekitifaya, kabokosi ka zipsepse kaja, komwe kamawasandutsa DC, oyenda mbali imodzi omwe batire limalandira, n'kuwachepetsa kuti asapse batire. Tinazula pulagi yolumikizira mawaya ochokera ku koilo, tinaika mita pa AC, ndipo nambala inkakwera bwinobwino moto ukamakwera. Koilo inali yamoyo. Koma pulagi yolowa mu rekitifaya inali yakuda bii, pulasitiki itasungunuka mbali imodzi, mapini atachita dzimbiri lobiriwira. Tinasintha rekitifaya ndi pulagi yomwe.

Apa mpamene ndinaona ubwino wokhala ndi mita yako. Titamanga zonse, nambala inafika pa 13.1V yokha. Pakanapanda choyezera tikanangoti zatheka, poti sitata inali ikugunda. Madala aja anapukusa mutu, natsatira waya wa ethi, wobwezera moto ku chitsulo cha njinga, mpaka pamene umamangidwa ku felemu. Pansi pa bawuti panali dzimbiri ndi penti. Atapala ndi sandipepa mpaka chitsulo kuwala, n'kumanganso, mita inawerenga 14.2V. Ntchito ya mphindi zisanu, yopanda sipeya aliyense. Ndimadzifunsabe kuti ndi mabatire angati omwe timataya chifukwa cha kabawuti kameneko.

Batire lija sitinalitaye. Ndi la 7Ah (Ah ndi muyezo wa moto womwe batire limasunga), la madzi, ndipo analitchaja pang'onopang'ono usiku wonse ndi moto wa pafupifupi 0.7A, kutanthauza gawo limodzi mwa magawo 10 a kukula kwake. Anandiletsa kulipereka kwa aja otchaja mabatire a galimoto ndi moto waukulu kuti lidzaze pa ola limodzi, chifukwa batire laling'ono limatentha ndipo mapuleti a m'kati amawonongeka.

Juni ndi Julayi anadutsa popanda nkhani. Kuzizira kwa Lilongwe m'mamawa ndi kumene kunkandivutitsa kale, koma ulendo uno batire linkadzuka lili pa 12.6V, ndipo podina sitata linkatsika kufika cha pa 10.5V n'kubwereranso. Ndinazolowera kuyeza Lamlungu lililonse ndisanatsuke njinga: kamodzi injini ili chete, kamodzi podina sitata, kamodzi ikulira magetsi akutsogolo ali oyaka. Mu Okutobala, dzuwa litakwiya, madzi anatsika m'zipinda ziwiri mwa zisanu ndi chimodzi zija. Ndinathiramo madzi a batire ogula m'botolo. Osati asidi, anzanga, ndipo osati madzi a pamjigo. Chomwe chimauluka ndi madzi, asidi amatsala momwemo, ndiye ukawonjezera asidi wina ukungofulumizitsa imfa yake. Poyera pa mitu ya batire ndinatsuka ndi soda wa kukhitchini wosungunula m'madzi, n'kupakapo girisi pang'ono.

Vuto lenileni linabwera mu Novembala, mafuta atasowa. Njinga inaima pakhonde masiku 12. Akuluakulu anati chiswe chimalowa m'mphasa yongoimika, ndipo tsiku lomwe ndinapeza malita atatu, batire linali pa 11.8V, hutala ikulira ngati mwanapiye. Mtima unapita kwa rekitifaya watsopano uja, ndinati basi andigulitsa chakufa. Koma nditaliza ndi kiki, kutchaja kunali pa 14.1V. Ndiye china chake chinkaba moto njinga itazimitsidwa.

Kuyeza kwake n'kosavuta. Kiyi atazimitsidwa, umamasula waya wa negativu, n'kuika mita pa mA, poyezera moto wochepa womwe ukudutsa, pakati pa waya uja ndi mutu wa batire. Pa njinga wamba ngati yangayi nambala imayenera kukhala pafupi ndi ziro. Yanga inaonetsa 20mA. Wakuba anali katchaja ka foni komwe ndinamangirira ndekha pa handulo, ndikulumikiza molunjika ku batire kuti foni izidzaza ngakhale ndikudikira makasitomala. Kali ndi kababu kabuluu komwe kamayaka usana ndi usiku. 20mA imaoneka yochepa, koma pa maola 24 ndi pafupifupi theka la Ah, ndipo pa masiku 12 yatsala pang'ono kukwana 6Ah, pa batire la 7Ah. Njinga ikamayenda tsiku ndi tsiku sudziwa, poti zomwe zabedwa usiku zimabwerera masana. Ndinasamutsa waya wake kuti uzilandira moto kiyi akatsegulidwa, ndi fyuzi yakeyake. Mlandu umenewu unali wanga, wina aliyense analibe nawo gawo.

Tsopano zoipa za kamitako, poti nako si mngelo. Zingwe zake n'zopepera. Chofiira chinaduka m'kati, pafupi ndi chogwirira, mwezi wachinayi usanathe, ndipo chinkati ukachigwedeza nambala imabwera, ukachisiya imasowa. Ndinagula zingwe zina zokhuthala. Sikazima kokha ukakaiwala koyaka, ndipo usiku suona manambala popanda tochi ya foni. Fyuzi ya m'kati ndinaipsereza ndekha, tsiku lomwelo la katchaja: ndinaiwala kubweza kogudubuza kuchoka pa mA, n'kugunditsa zingwe pa mitu yonse iwiri ya batire. Musadinenso sitata mita ili pakati pa waya ndi batire, moto wa sitata sungadutse mu kanthu kameneka.

Koma chomwe chinatsala pang'ono kundidyera ndalama chinachitika mu Disembala. Ndikuyeza mwa masiku onse, mita inaonetsa 16.3V injini ikulira. Kupitirira 15V ndiye kuti rekitifaya wasiya kuchepetsa moto, ndipo zotsatira zake ndinaziona pa njinga ya mnzanga wina: mababu kupsa sabata iliyonse, batire kutentha, kutupa m'mbali, kununkha ngati dzira lovunda. Yanga inalibe chilichonse mwa zimenezi, ndiye ndinakayika. Nditazimitsa injini, mita inati batire lili pa 14.5V, zomwe sizingatheke pa batire longokhala. Nditayang'anitsitsa pa kagalasi, pakona panali kachizindikiro ka batire. Kabatire ka 9V ka m'kati mwa mita kanali katatha, ndipo timamita totchipati tikafooka timawerenga mopitirira. Nditasintha, nambala inabwerera pa 14.2V. Ndinali nditawerenga kale ndalama za rekitifaya wina m'thumba.

Mbiri itamveka kuti ndili ndi mita, pa siteji ndasanduka dokotala wosalipidwa. Njinga zomwe ndayezapo zandiphunzitsa kuti nambala ya batire longokhala imanama nthawi zina. Mnyamata wina batire lake linawerenga 12.7V, iye n'kumati ndiye sitata yapsa. Titadina sitata mita ili pamenepo, nambala inagwa mpaka 6V. Batire limenelo linali lakufa, lodzaza pamwamba pokha, lopanda mphamvu yonyamula katundu. Likamatsika pansi pa 9.6V podina sitata, litatchajidwa bwino, ndiye kuti lapita. Wina zake zinali zosiyana: podina sitata nambala sinkasuntha n'komwe, kusonyeza kuti moto sukutuluka m'batire. Tinapeza kuti bawuti ya pa relay ya sitata, kaswitchi kotumiza moto wa batire ku sitata, inali yomasuka. Onse awiri ankadandaula mawu amodzimodzi, "sitata sikugunda", koma matenda awiri osiyana. Ndipo ambiri sadziwa msanga kuti batire lafa: pa njinga zina zazing'ono moto wa pulagi yoyatsa mafuta mu injini umachokera ku mageneto mwachindunji, ndiye kiki imaliza injini ngakhale batire litafa, munthu n'kumangoyenda miyezi osatchaja.

Dzinja lino landiwonjezera ntchito imodzi. Misewu ya matope yolowera m'makwalala a ku Area 25 imathira madzi pomwe pali pulagi ya rekitifaya, ndipo mu Januwale ndinapeza mapini atayambanso kubiriwira. Ndinawapala, ndinapaka girisi, n'kuveka pulagi chidutswa cha chubu chakale, kukamwa kwake kuyang'ana pansi kuti madzi asaime. Rekitifaya mwiniwake sanasinthe khalidwe chimuikireni. Amatentha ndithu ukamugwira pambuyo pa ulendo wautali, koma manambala ake ali pomwe anali mu Meyi.

Batire ndiye layamba kukalamba. Kufera pakhonde kuja mu Novembala, kuphatikiza miyezi yomwe linakhala ndi njala rekitifaya wakale ali pomwepo, kunalisiyira chilema. M'mawa likumadzuka pa 12.4V, ndipo Lamlungu lapitali podina sitata linatsika mpaka 9.9V. Likugwirabe ntchito, koma sindikuona kuti lingapirire chisanu cha Juni. Ndayamba kupatula kangachepe tsiku lililonse kuti ndigule lina mu Epulo, ndipo pokagula ndidzatenga kamitako kuti ndiliyeze pa kauntala pomwepo ndisanapereke ndalama.