Kusunga zithunzi ndi mapepala: pa Google Drive kapena pa memory card?

Ife a ku Chikwawa ndi Nsanje tikudziwa zomwe madzi osefukira amachita. Namondwe wa Freddy wa mu Marichi 2023 adakokolola ziphaso, zithunzi ndi mafoni. Zomwe zili pa Google Drive, malo osungira zinthu pa intaneti, sizinyowa, mumazipezanso pa foni ina. Pamenepa intaneti yapambana.

Koma mukaiwala password, nambala yolandirira khodi itatayikanso, mwatsekeredwa kunja kwa nyumba yanu yomwe. Malo aulere ndi 15 GB basi, ndipo akaunti ikakhala zaka ziwiri osaigwiritsa ntchito, Google ikhoza kuifufuta. Popanda bandulo simuona kanthu.

Memory card siifuna bandulo, koma imawonongeka, imabedwanso limodzi ndi foni. Ine mapepala a munda ndidawajambula n'kuwasunga konsekonse, khadi ina ndidakasiya kwa achemwali ku Blantyre.